Kamera Imene Anasankha Kapilo

Kapilo ndi wamfupi. Tiyambire pomwepo, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa msinkhu wakewo. Wamfupi zenizeni, woti akamadutsa kuseri kwa galimoto umangoona tsitsi likuyenda lokha. Dzinalo analitola ku galaja ya amalume ake, chifukwa cha kapilo kofiira kamene amayenda nako m'khwapa. Akakhala m'galimoto popanda kapiloko saona msewu, amangoona mitambo.

Ntchito yake ndi yojambula mavidiyo a maukwati. Loweruka lililonse mukamupeza ataima pa kreti ya zakumwa, kamera paphewa, akukalipira azibambo aatali. "Bambo inu, mutu wanuwo si mkwatibwi, tasunthani!" Maukwati a theka la tauni ali m'kompyuta mwake. Koma fufuzani vidiyo imene iye mwini akuonekamo, simuipeza. Angamujambule ndani, poti wogwira kamera ndi yemweyo?

Komatu dikirani, zokoma ndi izi. Kapilo yemweyu, akavula diresi la ku ukwati, amavala chipewa cholimba chija n'kukwera galimoto ya mpikisano! Eee! Yeniyeni, ya zitsulo zopingasa m'kati, yopanda mipando yakumbuyo, yolira moti agalu a m'dera lonse amakabisala kuseri kwa mabafa. Woyendetsa ndi mlongo wake wamng'ono, amene anzake amamutchula Mphezi. Kapilo amakhala pampando wapambali n'kumamuuza za msewu: kutsogoloku kuli kona, kuli dzenje, kuli mlatho wopapatiza. Pa liwiro limenelo woyendetsa sadalira maso ake okha ayi. Akamadzaiona kona ndiye kuti wachedwa kale. Amadalira pakamwa pa munthu wapambaliyo.

Anzawo amatchula makona ndi manambala. Awiriwa anawapatsa mayina a kunyumba. Kona yofatsa ndi amayi. Kona yofuna ulemu ndi abambo. Yoopsa, yoti ukailowa mwachibwana ukadzidzimukira m'munda mwa eni, imeneyo ndi apongozi. Ndiye mukanamva m'galimotomo!

"Kumanzere amayi, ponda! Kumanja abambo, akwiya, chepetsa! Apongozi, apongozi, iwe, vula chipewa!"

Akati vula chipewa ndiye kuti mabuleki onse, osanyengerera.

Mphezi ameneyu anakulira kumsana kwa Kapilo. Anamubereka ndi iye, anamupukuta mamina ndi iye, ndipo kuyendetsa anamuphunzitsa ndi iye, pa bwalo la mpira, m'chigalimoto chakale cha malemu bambo awo chimene chinkalira pokhapokha mukachikankha. Mnyamatayo sadziwa kunena zikomo. Zikomo wake anali mmodzi basi: akadutsa mzere womaliza ankatambasula dzanja, osatembenuka n'komwe, n'kugogoda chipewa cha mlongo wake kawiri. Go, go. Kenako ojambula ankathamangira Mphezi atakhala pa boneti, Kapilo ali kuseri kwa chitseko akumasula malamba, osaoneka.

Ndiye tsiku lina Mphezi anatulukira m'kachipinda kamene Kapilo amalumikiziramo mavidiyo, n'kukhala pa tebulo, pamwamba penipeni pa zithunzi za eni.

"Tsika apo iwe, wakhalira mkwatibwi."

"Achemwali, zatheka! Bwana wa matayala uja wavomera kutithandiza. Matayala atsopano mpikisano uliwonse."

"Usandinamize!"

"Zoona. Koma akufuna vidiyo ya m'kati mwa galimoto. Inu ndi amene mumadziwa makamera, mukasankhe. Msewu uzioneka bwinobwino. Ndipo mawu anu azimveka, liwu lililonse."

"Mawu anga?"

"Anu. Anthu amve mmene mumandizunzira."

Abale, Kapilo anasangalala! Zaka zonsezi akujambula ena, lero kamera iloze iye? Mawa lake anakalukitsa tsitsi. Tsitsi loti likakhala m'chipewa! Atamuseka amalume ake, iye anati, "Inu zikukukhudzani bwanji, poti mulibe?"

Kusitolo ya makamera anapeza wogulitsa wa tayi yowala, wolankhula ngati wailesi. Anamutulutsira makamera atatu n'kuyamba ndi yaikulu, yonyezimira.

"Iyi, mayi, imaona ngakhale nsidze za ntchentche."

"Ntchentche sindikuzifuna. Jenereta muli nayo?"

"Jenereta? Sitigulitsa."

"Yanu, ya magetsi akazima. Kailizeni."

Umu ndi mmene Kapilo amayesera kamera, ndipo palibe anamuphunzitsa. Galimoto ya mpikisano simangothamanga, imanjenjemera, mano onse kuchita gwedegwede. Ndiye iye anatulutsa m'chikwama mphira wodula ku chubu cha njinga, anamangirira kamera yaikuluyo pa jenereta kuseri kwa sitolo, n'kuilozetsa pa felemu ya chitseko. Jenereta ili phuphuphu, wogulitsa wagwira kumutu. Ataonera zimene yajambula, felemu yowongoka ija inkachita kuvina ngati chingwe cha zovala pa mphepo.

"Mwaona? Mitengo yonse ya m'mbali mwa msewu idzakhala ngati yaledzera. Bwezani."

Yachiwiri inapirira jenereta. Koma Kapilo anaimiritsa wogulitsayo pakhomo, kunja dzuwa lili phwee, m'kati muli kamdima, monga mmene zimakhalira m'galimoto. Kamera ija ikaona msewu, nkhope ya wogulitsa inkada bii. Ikaona nkhope, msewu unkayera mbee ngati pepala.

"Iyi imasankha anthu. Ine ndikufuna yoona zonse, msewu ndi munthu yemwe."

Yachitatu inali kakang'ono ngati bokosi la machesi, kosakongola, koti ukakapeza pansi sungakatole. Pa jenereta, zii, felemu chilili. Pakhomo, nkhope ikuoneka, njinga zodutsa kunja zikuonekanso. Anakasiya padzuwa pamwamba pa khoma mpaka atamaliza botolo la chakumwa, sikanazime ndi kutentha. Ndipo pambali pake panali kabowo kolowetsapo waya wa maikolofoni ya m'chipewa. Kapilo analumikiza waya wake, anagwada pafupi ndi jenereta yolirayo n'kukuwa ndi mphamvu zonse:

"Apongozi! Apongozi, iwe, vula chipewa!"

Bambo wina amene ankasankha wailesi m'sitolomo anavula kapu yake n'kuyamba kucheukacheuka. Anthu anafa nako kuseka! Koma atamvetsera, mawu a Kapilo anatuluka oyera ngati akulankhulira m'khutu mwako, jenereta ikungong'ung'udza kutali.

"Ndatenga iyi," anatero.

Ku galaja, amalume anawotcherera kachitsulo pa zitsulo zopingasa zija, kumbuyo, pakati pa mipando iwiri. Kapilo anaikapo kachidutswa ka chubu kuti kazimeza kunjenjemera, kenako anamanga kamera. Anakwera, anatsika, anakweranso, akuiweramitsa pang'onopang'ono mpaka zonse zinakwanira: msewu kutsogolo, chipewa chakuda cha Mphezi uku, chipewa chake chofiira uku.

Vidiyo yoyamba ya poyeserera anaionera mobwerezabwereza mpaka kompyuta inatentha. Ndi ameneyo! Dzanja lake likuloza, mutu wake ukugwedezeka, akatembenuka mphuno yake ikuoneka! Anathamanga nayo kwa amayi awo.

"Amayi, taonani mwana wanu!"

Amayi anayang'ana pang'ono chabe. "Zabwino," anatero, n'kutuluka kukaanula zovala. Zovalazo zinali zisanaume. Kapilo anangoti mwina akuopa liwiro, paja sanazikondepo za mipikisanozi.

Masabata otsatira anayeserera ngati amisala. Mphezi ankafuna msewu uliwonse wa mpikisano ukubwerawo aujambule, wa m'mapiri, wa m'minda ya mitengo, wa kuchigwa wa milatho. Ankapempha mwaulemu wachilendo. "Achemwali, tabwerezani pamenepa, simunamveke bwino." Akamaliza ankasolola kamemole kosungira vidiyo m'kameramo, ati akukaonetsa bwana wa matayala. Kapilo ankachita kumuthandiza kukatulutsa ndi zikhadabo zake, poti zala za Mphezi n'zonenepa.

Kenako Loweruka lina ukwati unalephereka. Mkwati sanabwere, nkhani inanso yokoma imeneyo, koma si ya lero. Kapilo anagula mabanzi, kapilo m'khwapa, ulendo ku galaja kukawadzidzimutsa.

Asanalowe n'komwe pageti anamva mawu ake omwe.

"Kumanzere amayi, ponda!"

Anamwetulira. Akuonera vidiyo yanga! Koma pambuyo pake panabwera mawu ena, aamuna, okhuthala ngati ochokera mu mgolo.

"Kumanzere amayi, ponda."

"Ayi, wachedwa," uyu anali Mphezi. "Achemwali amayamba tisanafike pa mtengo uwo. Bwezera, umvetsere."

Amalume anali kunsi kwa galimoto ina, miyendo yokha ikuoneka. Sipanala imene inkagogoda inasiya. Miyendo ija inalowa m'kati pang'onopang'ono ngati ya kamba.

Kapilo anakankha chitseko cha kaofesi. Pa tebulo panali laputopu, ndipo pa laputopupo panali iye mwini, chipewa chofiira chikugwedezeka. Kutsogolo kwake kunakhala mnyamata wamtali ngati mlongoti, chipewa chatsopano choyera chili pa bondo. Anali mwana wa bwana wa matayala. Atamuona anadzuka msangamsanga, mutu n'kugunda babu ya magetsi, babu ili lendelende.

"Aphunzitsi anga!" anatero, atagwira manja onse awiri. "Ndakhala ndikufuna kukuonani. Ndimakumverani tsiku lililonse, ngakhale posamba. Paja pa apongozi paja, eee, mumanena bwino!"

"Umandimvera."

"Eya. Achimwene a Mphezi anandiuza kuti mwatopa nazo, mukufuna kupuma. Koma musadandaule, sindikuchititsani manyazi."

Mnyamatayo ankanena ndi mtima woyera, nkhope ikuwala. N'chimene chinapweteka kwambiri. Kapilo anaika mabanzi pa tebulo bwinobwino, n'kuyang'ana mlongo wake. Mphezi ankayang'ana kalendala ya pakhoma ngati pali nkhani yofunika kwambiri.

"Ndatopa, eti?"

"Achemwali, tiyeni panja."

"Ndafunsa. Ndatopa?"

"Matayalawo akubwera ndi mwana wa bwana. Anandiuza choncho kuyambira tsiku loyamba. Popanda iye palibe matayala, ndipo ndi matayala akuthawa aja mukudziwa nokha, sitingapambane. Ndimafuna ndikuuzeni."

"Liti?"

"Ndimadikira tsiku labwino."

"Tsiku lija unakhalira zithunzi za eni pa tebulo panga linali loipa?"

Mphezi anayang'ananso kalendala ija. Pa laputopu Kapilo wa m'vidiyo anali akukuwabe mosangalala, "Abambo, akwiya, chepetsa!" Mnyamata wamtali uja anatambasula chala mwakachetechete n'kumuzimitsa.

Kapilo anatuluka kupita pa galimoto yawo. Atatsegula chitseko chake anaona kuti mpando wasunthira kumbuyo. Mipando ya magalimoto amenewa siyenda pa njanji ngati ya magalimoto wamba ayi, imamangidwa ndi mabawuti. Kuti uisunthe uyenera kuboola pansi. Mabowo akale anali poyera, anayi, akumuyang'ana.

"Amalume!"

Kunsi kwa galimoto ina kuja kunatuluka mawu ofooka. "Mphwanga, ine anangondiuza kuti ndiboole."

"Amayi akudziwa?"

Kunsi kuja sipanala inayambanso kugogoda.

"Ndiye zovala zosauma zija," anatero Kapilo, akudzilankhulira.

Anakwera n'kukhala, kapilo kunsi monga mwa nthawi zonse. Miyendo inangolendewera, osafika pa chitsulo chopondapo. Anatembenuka kuyang'ana kamera yake. Anali ataidzutsa. Tsopano inkayang'ana pamwamba pa mutu wake, ngati munthu amene wakuona koma sakufuna kukupatsa moni. Ndipo amene anaidzutsayo anagwetsa kachidutswa ka chubu kaja, kamera ili gwedegwede pa chitsulo.

Mukudziwa zimene anachita? Manja ake anatola kachubu kaja pansi, anakabwezera, anamanga bwinobwino. Okha! Mutu ukuti siya, manja akumanga. Atazindikira anawayang'ana manjawo ngati ndi a munthu wina, misozi ili chuchuchu.

Mphezi anabwera n'kugwada pakhomo pa galimotoyo.

"Achemwali, simukuchoka mu timu ayi. Muzijambula muli panja, pamakona. Bwana akuti akugulirani chovala cholembedwa dzina."

"Dzina la ndani?"

"La... la matayala."

Kapilo anaseka, koma kuseka koti ukakumva umafuna kuthawa.

"Iwe, tamvera. Ukanabwera n'kunena kuti achemwali, zavuta, matayala akubwera ndi mwini wake, ndikanalira, ndikanakutukwana, mwina ndikanakugenda ndi sipanala. Kenako ndikanamukhazika mwanayu pansi n'kumuphunzitsa ndekha, ndi pakamwa pangapa. Unkadziwa zimenezo. Koma iwe unandituma kusitolo. Ndinagwada pa jenereta ya eni, anthu akundiseka, kukusankhira khutu labwino loti lindibere mawu. Ndinalukitsa tsitsi, iwe!"

"Pepani."

"Tabwerezani pamenepa, simunamveke bwino. Si iwe unkatero?"

"Pepani, achemwali."

"Suntha, nditsike."

Anachita kudumpha, poti mpando unali patali. Anasolola waya wa m'chipewa chake chofiira n'kuupereka kwa mnyamata wamtali uja, amene anaima chapatali atanyamula mabanzi, osadziwa kowaika.

"Tenga. Wako watsopanowo umalira mphepo. Ndipo pa mlatho wachiwiri m'vidiyomo ndinachedwa, usanditsanzire. Uyambe msanga, mungafe."

Anatenga kapilo kake, ulendo. Amalume sanatuluke kunsi kwa galimoto mpaka geti litatsekeka.

Kuyambira tsiku limenelo Kapilo sanapondeko ku galaja. Kwa amayi ankapitabe, kuwapatsa moni, kuwafunsa za miyendo, basi. Amayi akati ayambe, "Mlongo wakotu..." iye ankadzuka kukaanula zovala. Kapilo kofiira kaja kanasamukira pa mpando wa pa kompyuta.

Tsiku la mpikisano linali Loweruka, ndipo iye anavomera dala ukwati wa kutali, kumene ngakhale kulira kwa injini sikungafike. Koma mafoni amafika paliponse! Masana, nthawi ya zolankhula, amalume a mkwati atagwira maikolofoni osafuna kuisiya, woimba nyimbo wa pa ukwatiwo anamukodola kuseri kwa masipika.

"Asisi, si mlongo wanu uyu? Vidiyo ili ponseponse!"

Kapilo anafuna kukana. Maso anakana kukana.

Chithunzi chinali chilili, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Mitengo yowongoka ikuthawira kumbuyo, fumbi likuwala padzuwa, m'kati mukuoneka, kunja kukuoneka. Chipewa chakuda uku, choyera uku, chotsala pang'ono kugunda denga. Ndipo mawu, oyera ngati m'khutu:

"Kumanzere amayi, ponda! Apongozi, apongozi, iwe, vula chipewa!"

Mnyamata wamtali uja sanalakwitse. Anatenga zonse, ngakhale kakupuma kamene Kapilo amapuma asananene abambo. Pa mlatho wachiwiri anayamba msanga. Galimoto inauluka ngati palibe chasintha. Woimba nyimbo uja ankadumphadumpha. "Apongozi! Ha! Mnyamata ameneyu ndi wanthabwala, amazitenga kuti?"

Kenako mzere womaliza, mbendera ikukupiza. Dzanja la Mphezi linachoka pa chiwongolero, osatembenuka mwini wake, n'kutambasuka chapansipansi, pamene pankakhala chipewa chofiira. Linagogoda mkono wa mnyamata wamtali uja. Go. Lachiwiri silinabwere. Dzanjalo linaima m'malere, chipewa chakuda chinatembenuka n'kuyang'ana pansi, kenako m'mwamba. Dzanja linabwerera pa chiwongolero pang'onopang'ono.

"Tabwezera pamenepo," anatero Kapilo.

Anabwezera. Go. Kamera ija sinaphonye kanthu, ngakhale chala chimodzi.

"Koma kamera imeneyi ndi yoopsa," anatero woimba nyimbo. "Anaipeza kuti?"

"Ndinasankha ndine."

"Inu? Ndiye bwanji simuli..."

Foni ya Kapilo inayamba kunjenjemera m'thumba la diresi. Anaisuzumira. Mphezi. Anaibwezera momwemo ikunjenjemerabe, inasiya, inayambanso. Kutsogolo amalume a mkwati anali atalandidwa maikolofoni, akwati akudzuka kuti adule keke. Kapilo anapukuta m'maso ndi nkhongono ya chala kuti asafute zodzola, anakankha kreti yake ndi phazi mpaka pakati pa holo, anakwera, kamera paphewa. Patsogolo pake panaima chibambo cha suti yotuwa, chikujambula ndi foni.

"Bambo inu," anatero, "tasunthani. Mukunditchinga."